Milandu ya Kuba Nyimbo: Cifukwa Cimene Oimba Ambiri Amalipira Asanafike ku Khoti

Pa 4 May 2023, bwalo la milandu mumzinda wa New York m'dziko la America linagamula kuti woimba wa ku Britain, a Ed Sheeran, sanabe nyimbo ya munthu wina pomwe anapeka nyimbo yawo ya Thinking Out Loud. Omwe anawasumira anali a banja la malemu Ed Townsend, amene anathandizana ndi Marvin Gaye kupeka nyimbo ya Let's Get It On ya m'caka ca 1973. A Sheeran anapambana, koma mlanduwo unatenga zaka zingapo, ndipo masiku a kuzengedwa kwake anawalepheretsa kukapezeka pa maliro a agogo awo aakazi ku Ireland.

Oimba olimba mtima cotere ndi ocepa. Ambiri akalandira kalata yocokera kwa maloya yonena kuti nyimbo yawo ifanana ndi ya wina, amayamba awerengera ndalama zimene mlandu ungawadyere, ndipo kawirikawiri nkhani imathera pa kumvana m'ofesi woweruza asanaimve n'komwe.

Mantha amenewa anakula m'mwezi wa March 2015, pamene khoti la ku Los Angeles linapeza kuti a Robin Thicke ndi a Pharrell Williams anatengera nyimbo ya Marvin Gaye ya Got to Give It Up popeka nyimbo yawo ya Blurred Lines. Analamulidwa kulipira ana a malemuwo madola pafupifupi 7.4 miliyoni. Ndalamazo pambuyo pake zinatsitsidwa kufika pa madola 5.3 miliyoni, koma khoti la apilo linavomereza cigamuloco m'caka ca 2018. Oimba ndi opeka nyimbo oposa 200 analembera khoti kudandaula kuti cigamuloci cilanga munthu cifukwa ca kamvekedwe cabe ka nyimbo, pomwe mau ndi cuni zinali zosiyana.

Njira yoyamba imene oimba amatsata ndiyo kuonjezera dzina la wodandaulayo pa mndandanda wa opeka nyimbo, kuti nayenso azilandira gawo la ndalama. M'caka ca 2015 kunadziwika kuti a Sam Smith anacita zimenezi ndi nyimbo yawo ya Stay With Me, pomwe anapatsako gawo a Tom Petty ndi a Jeff Lynne popanda kupita ku khoti. Ngakhale a Sheeran anacitapo cimodzimodzi m'caka ca 2017, atasumiridwa kuti alipire madola 20 miliyoni pa nyimbo ya Photograph. Pambuyo pake iwo anakamba kuti anamva cisoni ndi kugonja kumeneko, cifukwa kunapatsa mphamvu anthu ena kuti nawonso abwere ndi madandaulo awo.

Njira yaciwiri ndiyo kulimbana nawo mlandu mpaka kumapeto. M'caka ca 2018, pamene woimba wina, a Sami Chokri, ananena kuti nyimbo ya Shape of You inatengera nyimbo yawo, a Sheeran ndi anzawo ndiwo anayamba kuthamangira ku khoti lalikulu la ku London kukapempha kuti liwayeretse. Anapambana m'mwezi wa April 2022, koma zaka zonsezo ndalama zina za nyimboyo zinali zitaimitsidwa. A Chokri ndi mnzawo analamulidwa kubweza mapaundi oposa 900,000 amene anaonongedwa pa mlanduwo. Apa zioneka poyera kuti khoti ndi malo oopsa kwa mbali zonse ziwiri, makamaka kwa amene thumba lake ndi locepa.

Njira yacitatu ndiyo kukonzekeratu umboni mlandu usanabwere. A Sheeran anaulula kuti anayamba kujambula pa vidiyo nthawi imene akupeka nyimbo zawo, kuti pakhale cosonyeza momwe nyimbo iriyonse inayambira. Ku New York iwo anatenga gitala n'kuimba pamaso pa oweruza, posonyeza kuti kagwiridwe ka zingwe kamene ankakanganirana kamapezeka m'nyimbo zambirimbiri ndipo kalibe mwini wake. Makampani aakulu a nyimbo nawonso amaitana akatswiri kuti amvetsere nyimbo isanatuluke ndi kucenjeza ngati pali pofanana ndi nyimbo ina.

Komabe kungakhale kulakwitsa kuona aliyense wodandaula ngati munthu wofuna kukolola pomwe sanalime. Kuno ku Africa, kalata ya loya nthawi zina yakhala cida cokha cimene mmphawi ali naco. M'caka ca 1939, a Solomon Linda anajambula nyimbo ya Mbube mumzinda wa Johannesburg ndipo anaigulitsa kwa kampani ya Gallo pa ndalama zocepa kwambiri. Nyimboyo inawoloka nyanja, ndipo m'caka ca 1961 inatuluka ku America ndi dzina lakuti The Lion Sleeps Tonight. A Linda anamwalira ali osauka m'caka ca 1962, pomwe ena anali kulemera ndi nyimbo yawo, imene inadzamvekanso mu filimu ya The Lion King ya m'caka ca 1994.

Akuluakulu amati mlandu suola. M'caka ca 2004, maloya oimira cuma ca malemuwo anasumira kampani ya Disney ku South Africa, pogwiritsa nchito lamulo lakale la Britain la m'caka ca 1911, limene linkabwezera umwini wa nyimbo ku banja pakapita zaka 25 cimwalirire mwini wake. Mlanduwu nawonso sunafike pa cigamulo. M'mwezi wa February 2006, kampani ya Abilene Music, imene inali ndi ulamuliro pa nyimboyo, inavomera kulipira banjalo ndi kulemba a Linda ngati mmodzi wa opeka.

Woimba wa ku Cameroon, a Manu Dibango, nawonso anadandaula pomwe a Michael Jackson anatenga kacigawo ka nyimbo yawo ya Soul Makossa ya m'caka ca 1972 popanda cilolezo, ndipo awiriwa anamvana kunja kwa khoti. Koma m'caka ca 2009, pamene a Dibango anadandaulanso ku Paris kacigawo komweko katamveka m'nyimbo ya Rihanna, khoti linakana dandaulo lawo.

Nkhani izi zikhudzanso oimba a muno m'Zambia, cifukwa nyimbo za dziko lino zayamba kufunidwa kunja. M'caka ca 2024, woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anaika kacigawo ka nyimbo ya Nizakupanga Ngozi ya gulu la Ngozi Family m'nyimbo yake ya Noid. Mtsogoleri wa gululo, a Paul Ngozi, anamwalira m'caka ca 1989, koma imfa sithetsa umwini nthawi yomweyo. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'caka ca 1994, linaika zaka 50 cimwalirire wopeka ngati nyengo imene nyimbo imakhala yotetezedwa. Zambia inalowanso m'pangano la maiko la Berne m'caka ca 1992, limene limapatsa wopeka wa dziko lina citetezo m'maiko onse a m'panganolo.

Lamulo palokha silikwanira. Woimba wa ku Lusaka kapena ku Chipata alibe cuma ca a Sheeran cakuti n'kulipira maloya zaka zinayi, conco citetezo cake ciyenera kuyambira mu situdiyo. Kulemba pangano losonyeza amene anapeka mau, amene anapanga cuni ndi gawo la aliyense, kusunga zojambula zoyambirira pamodzi ndi masiku ake, kulembetsa nyimbo ku bungwe la ZAMCOPS, ndiponso kupempha cilolezo colembedwa asanatenge kacigawo ka nyimbo ya mnzake, zonsezi ndi zochipa poyerekeza ndi tsiku limodzi la ku khoti. Banja la a Linda linayembekezera zaka 44 cimwalirire atate awo kuti lilandire gawo lake.