Nsomba ya mabwana ndi matemba athu

Amayi ndi abambo a geni ya nsomba ku Limbe, ku Balaka ndi ku Liwonde, sabata ino ndikutengereni kaye pamwamba pa phiri la Zomba. Musathawe, nkhani ifika pa dengu lanu.

Kumeneko kuli kamtsinje kotchedwa Mulunguzi, madzi ake ozizira moti kuponda Juni phazi limachita dzanzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 atsamunda anaikamo nsomba yakwawo, dzina lake trout. Nsombayi ndi yamatama zedi. Madzi akangofunda kupitirira madigiri 20 imayamba kuvutika, n'chifukwa chake kuno kwathu idakhazikika m'mapiri mokha: Zomba, Mulanje ndi ku Nyika.

Kawedzedwe kake nkoseketsa. Nyongolotsi ayi, nsima ayi. Munthu amamanga tinthenga ndi ulusi pa mbedza kuti zioneke ngati kachilombo kouluka, n'kumaponya chingwe uku ndi uku mpaka kanthengako katatera pa madzi. Dzuwa mpaka kupendeka, bambo wamkulu ndi ndevu zake, kubwerako ndi nsomba ziwiri! Msodzi wa ku Chiuta atamuona angamufunse ngati kunyumba kuli bwino.

Koma anthu amenewa ankawerenga nyengo. Miyezi yozizira, chiperoni chili pakati, nsomba zikuswana, mbedza zonse zinkakhala m'nyumba. Kukayamba kufunda cha mu Seputembala ndiye ankatsegulira, ndipo opanda chiphaso samaponya. Mvula ikadetsa madzi ankadikira ayere. Nsomba yaing'ono ankaibwezera. Inde anali masewera a anthu okhuta, sindikukana, komabe nsomba yomwe samaidalira pa ndiwo ankaisamala choncho.

Tsono madzi a Mulunguzi akatsika phiri amalowa mu Likangala, Likangala n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Ndi momwe mumachokera matemba, milamba ndi makumba amene ambiri a inu mumapikula, ena mpaka kukafika ku Nayuchi, pa mchenga wolekanitsa Chilwa ndi Chiuta pamene padutsa njanji yopita ku Nacala. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya. Idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adagonanso pa matope. Amene munali pa geni zaka zimenezo mukukumbuka mmene kamulu kadachepera mtengo uli kumwamba.

Nyanja ikauma nsomba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo mbewu yodzadzanso nyanja imachokera momwemo. Nanga anthu akamadula mitengo m'phiri, mitsinje n'kumaphwa msanga, dothi n'kumakwirira maiwewo, mbewuyo ikabisala kuti? Mthunzi womwe umaziziritsa madzi a trout ndi womwewo umasunga madzi a matemba.

Ku Chilwa nako lamulo lotseka lilipo, makoka amayenera kupuma mvula ikayamba mu Disembala kuti nsomba ziswane. Koma pitani pa msika Januwale mukaone. Timatemba tonga singano, tokokedwa ndi neti ya udzudzu, tili mbwee pa thebulo. Adagula kunyanja ndani? Si ife tomwe? Ati "kasitomala akufuna ndiwo." Chabwino, koma kansomba kamene mwagulitsa lero pa mtengo wa mchere kakadadzaza chigoba mu Meyi.

Ndipo tisanamizane kuti kusunga nyanja ndi nzeru za azungu. Mu 1995 asodzi a ku Chiuta, pafupi ndi Nayuchi pomwepa, adatopa ndi makoka a nkacha omwe ankasesa ndi ana omwe n'kuvundula madzi akumwa. Adagwirizana okha, kuthamangitsa eni makokawo, n'kukhazikitsa makomiti a m'madoko. Sadadikire bwana wochokera ku Lilongwe.

Ifenso m'misika tili ndi makomiti, tili ndi matcheyamani odziwa kutolera za maliro ndi kulanga wakuba tomato. Komiti ya ku shedi ya nsomba itangonena kuti kuyambira Disembala mpaka Febuluwale dengu la tiana silitsika pano, wa neti ya udzudzu uja akagulitsa kwa yani?