Munda wamchere tisauthawe, tiubzale udzu

Nthaka ikayamba kuyera pamwamba ngati yawazidwa ufa, chimanga n'kumafota chisanafike m'mawondo, alimi ambiri amausiya mundawo. Vutoli ndi lalikulu: mu 2021 bungwe la FAO linalengeza kuti mahekitala oposa 833 miliyoni padziko lapansi ali ndi nthaka yamchere. Mcherewu umachuluka kumadera otentha kumene madzi othirira alibe kotulukira. Madzi apansi amakwera, dzuwa limawaumitsa, mchere n'kutsala pamwamba. Mizu imalephera kumwa, ndipo sodium amamata dothi mpaka mvula osalowa. Ine ndikuti munda wotere sunafe, koma mbewu yoyamba kubwereramo iyenera kukhala yopirira mchere, chimanga chidikire.

Umboni ulipo. Ku Pakistan, m'chigwa cha mtsinje wa Indus, akatswiri a ku Faisalabad anabzala udzu wotchedwa kallar m'minda imene alimi anaitaya. Mizu yake imaboola dothi lolimba, ndipo mpweya umene imatulutsa umasungunula laimu wa m'nthaka. Calcium wochokera m'laimuyo amachotsa sodium pamalo pake, madzi n'kumutsitsira pansi kumene mizu ya mbewu sifika. Patapita zaka zingapo, minda ija inayambanso kulola mbewu zina. Ku India, malo ofufuzira za nthaka yamchere a ku Karnal, amene anatsegulidwa mu 1969, amalimbikitsa dhaincha, m'bale wake wa jelejele, kuti azikwiriridwa m'munda akadali wauwisi. Kumadzulo kwa Australia, kumene kudula mitengo kunakweza madzi apansi amchere, alimi amabzala zitsamba za saltbush n'kumadyetsapo nkhosa.

Wina anganene kuti banja silidya udzu, ndipo njala siingadikire zaka. N'zoona, komatu munda wosiyidwa sudyetsa aliyense, ndipo mchere wake umangoonjezereka chifukwa dzuwa limaomba dothi losaphimbidwa. Kallar ndi chakudya cha ng'ombe, choncho mlimi amapeza mkaka ndi manyowa pamene nthaka ikuchira. Ena amati kuthira gypsum n'kwachangu. Kumafulumiradi, koma kumafuna ndalama zogulira ndi kunyamulira, zimene mlimi wamng'ono alibe. Chotsutsa champhamvu kwambiri n'chakuti zomera zokha sizichotsa mchere wambiri m'munda. Zimenezi ndikuvomereza: zomera zimatsegula njira, koma wonyamula mchere ndi madzi, choncho ngalande zotulutsira madzi sizingasowe. Kusankha chobzala kumafunanso nzeru, pakuti mtengo wa Prosopis, umene umapirira mchere, unalanda malo odyetserako ziweto m'mbali mwa nyanja ya Baringo ku Kenya.

Nkhaniyi ikutikhudza. Ku Chikwawa ndi Nsanje kumatentha kwambiri, mijigo ina imatulutsa madzi amchere, ndipo ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ikufuna kuthirira mahekitala ambirimbiri m'chigwa cha Shire. Zimene zinawononga minda ya ku Indus zingachitikenso kumeneko ngati madzi olowa atachuluka kuposa otuluka. Mwayi wathu ndi wakuti derali lili ndi ng'ombe ndi mbuzi zambiri zimene zimasowa msipu m'chilimwe. Akatswiri a ku Kasinthula ayambe lero kuyesa udzu ndi zitsamba zathu zopirira mchere, alangizi aphunzitse alimi kuzindikira zizindikiro zoyamba, ndipo sikimu iliyonse yothirira ikhale ndi ngalande zotulutsira madzi isanatsegulidwe.