BYD ikukula, koma kodi makaniko a pa Chimbiya akuidziwa?

Sabata yapitayi msuweni wanga yemwe wangobwerako ku Joni ananditumizira kachithunzi pa WhatsApp. Kali ndi timizere tiwiri, kena kokwera ngati phiri la Dedza, kena kotsetsereka. Kokwerako kalembedwa BYD, kotsikako Toyota. Pansi pake wawonjezera mawu akeake: "Aise, Toyota yatha basi. Ine ndigula ya ku China." Ndalama akufuna kuguliranayo wazivutikira zaka zinayi, ndipo cholinga chake n'kupeza galimoto yonyamula anthu pakati pa Chimbiya ndi Lilongwe kapena Dedza boma. Akaphonya apa, palibenso kwina kotenga zina.

Kachithunziko sikakunama. Mu 2024 kampani ya BYD inagulitsa galimoto pafupifupi 4.27 miliyoni, kukwera ndi 41 peresenti poyerekeza ndi 2023. Chaka chomwecho Toyota, kuphatikizapo Lexus, Daihatsu ndi Hino, inagulitsa 10.8 miliyoni, kutsika ndi 3.7 peresenti. Volkswagen nayo inatsika pang'ono kufika pa 9 miliyoni. Ukangowona maperesenti okhawa, ungaganize kuti akuluakulu akulongedza katundu.

Koma aliyense amene anakhalapo pamsika wa Chimbiya amadziwa momwe masamu amenewa amapusitsira. Mayi amene dzulo anagulitsa ndowa ziwiri za kachewere, lero akagulitsa zinayi ndiye kuti malonda ake akwera ndi 100 peresenti. Venda wodzaza lole, amene dzulo anatumiza matumba 200 ku Lilongwe ndipo lero watumiza 190, watsika ndi 5 peresenti. Tsono ndani wagulitsa mbatata yambiri? Wayamba ndi zochepa, peresenti yake imathamanga ngati kalulu. Wamkulu amayenda ngati ngolo yodzaza, koma matumba khumi amene watayawo ndi ochuluka kuposa ndowa zonse za mayi uja.

Ku galimoto n'chimodzimodzi. Kampani ina yaing'ono ya ku China, Leapmotor, inachoka pa galimoto pafupifupi 144,000 mu 2023 kufika pa 294,000 mu 2024. Kuwirikiza kawiri, zosangalatsa ndithu. Koma ka 3.7 peresenti ka Toyota kaja kakuimira galimoto zoposa 400,000. Ndiye kuti zomwe Toyota inangotsika nazo ndi zambiri kuposa zonse zomwe Leapmotor inagulitsa chaka chathunthu. Ndipo mbali ina ya kutsikako sikunali kuti ogula aithawa ayi: kumapeto kwa 2023 Daihatsu, yopanga timagalimoto ta Mira tomwe tadzaza m'matauni mwathumu, inaimitsa kutumiza galimoto zake zitadziwika kuti panali chinyengo pa mayeso a chitetezo. Mafakitale ake anakhala kwa milungu ingapo osagwira ntchito.

Ngakhale BYD yeniyeniyo, tawonani. Inagulitsa 1.86 miliyoni mu 2022, kenako 3.02 miliyoni mu 2023, kenako 4.27 miliyoni. Peresenti inatsika kuchoka pa 62 kufika pa 41, chonsecho galimoto zenizeni zomwe inawonjezera zinachuluka, kuchoka pa 1.16 miliyoni kufika pa 1.25 miliyoni. Munthu wina wofuna kuinyoza akhoza kujambula kachithunzi kake kosonyeza kuti BYD ikufooka, ndipo nayenso sanganame. Komanso tisamaitchule yaing'ono: mu 2024 inagulitsa kuposa Honda ndi Nissan, aliyense payekha.

Izi ndi za masamu. Funso lalikulu kwa msuweni wanga, komanso kwa inu amene mukusunga ndalama ya galimoto yoyamba, ndi lina: kodi galimoto zomwe zikuwerengedwazo zidzafika kuno?

Taimani pamsewu wa M1 pa Chimbiya kwa theka la ola, muwerenge zodutsa. Sienta, Probox, Hiace, Vanette, Freed, Mira. Pafupifupi zonse ndi zakaunjika zochokera ku Japan, zomwe zinatsikira pa doko ngati la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Ife sitili pamsika wa galimoto zatsopano womwe manambala ajawa amakamba. Timadya zotsala za msika wa ku Japan, kumene galimoto imayesedwa ikakwana zaka zitatu kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo mtengo wa mayesowo umapangitsa eni ake kuigulitsa idakali ndi moyo. Zomwe Mjapani akugula lero ndi zomwe zidzakhale pa siteji ya Chimbiya zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi zikubwerazi.

Ndiye pali nkhani ya chiwongolero, yomwe anthu opanga timizere tija sailabadira. Ku China amayenda mbali ya kumanja kwa msewu, chiwongolero chili kumanzere. Ife, monga Japan, timayenda kumanzere. Mwa galimoto 4.27 miliyoni za BYD zija, pafupifupi imodzi yokha pa khumi ndiyo inagulitsidwa kunja kwa China. Zinazo, ngakhale zitakalamba, sizoyenera misewu yathu. Tangoganizani dalaivala ali kumanzere akufuna kupitirira thiraki pa chitunda cha ku Linthipe, osawona zomwe zikubwera kutsogolo. Komanso kuyambira 2022 BYD inasiya kupanga galimoto zoyendera petulo yekha; zake zonse zili ndi batire lotchaja. Kwa ife amene tagonapo pamzere wa mafuta izi zimakoma kumva, mpaka utafunsa kuti pakati pa Lilongwe ndi Dedza ungatchaje pati, nanga batire likafa ungalipeze kuti, ndi madola ati.

Apa ndi pamene ine ndimaimira: kwa munthu wa bizinesi ya matola, nambala yofunika si liwiro lomwe kampani ikukulira, koma kuchuluka kwa galimoto za mtundu womwewo zomwe zili kale pamsewu pano. Sienta ikathyoka shoko Lachiwiri, Lachitatu ili pamsewu, chifukwa sipeya ali m'mashopu a ku Lilongwe, ina yochita ngozi yaphwasulidwa penapake, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo anaimasulapo kambirimbiri. Galimoto yachilendo imatha kukhala pamiyala mwezi wathunthu kudikira kachitsulo kamodzi, ngongole ikuwerenga masiku. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuitanitsa sipeya kunja si masewera.

Palinso china chomwe wamng'ono ali nacho: akhoza kufa. Fisker ya ku America inagwa mu 2024, n'kusiya anthu ali ndi galimoto zodula zosowa wozisamala. Chaka chomwecho Mobius Motors ya ku Kenya, yomwe ambiri tinkainyadira kuti ikupanga galimoto zoyenera misewu ya mu Africa, inalengeza kuti ikutseka chifukwa cha ngongole. Kampani ikagwa, amalira kwambiri ndi wogula, osati mwini fakitale.

Musandimve molakwa, sindikuti Toyota idzalamulira mpaka kalekale. Umboni wotsutsa uli pa Chimbiya pomwepo, pa siteji ya kabaza. Kale ukati njinga yamoto anthu ankaganiza za Honda kapena Yamaha ya alangizi a zaulimi. Lero anyamata akuyendera njinga za ku China ndi ku India, za mayina omwe makolo athu sanawamvepo. Zinapambana chifukwa zinabwera zotsika mtengo, zinabwera zambiri, ndipo sipeya anabwera nazo limodzi mpaka m'magolosale a kumudzi. Tsiku lomwe galimoto za ku China zidzachite zomwezo, ndidzalemba nkhani ina.

Ndipo msuweni wanga sanalote. Ku South Africa komwe anali, Chery ndi Haval zadzazadi m'misewu, ndipo kumeneko chiwongolero chili kumanja ngati kwathu. BYD nayo ikugulitsa ku Thailand, Australia, Britain, ngakhale ku Japan komweko kuyambira 2023. Ngati mukufuna nambala yoilondola pafoni panu, londolani imeneyo: malonda a makampani atsopanowa m'maiko oyenda kumanzere. Kumeneko ndi komwe kaunjika wathu wa mawa akuchokera.

Ndinamuuza zonsezi pafoni, iye n'kungoti ndine wachikale ngakhale ndili mwana. Tinagwirizana chinthu chimodzi: asanatumize ndalama kulikonse, Loweruka apite kwa amakaniko atatu, awiri pa Chimbiya ndi mmodzi ku Dedza boma, akawafunse mtengo wa mabuleki ndi mashoko a galimoto akuifunayo, komanso masiku angati angadikire kuti zifike. Wati apita, koma kachithunzi kaja sanakachotsebe pa status.