TIKANAKWERA HELIKOPITA KUCHOKERA PA NJEWA



Kuno ku Njewa kumene tikuphunzitsa, helikopita ikangomveka phunziro limatha lokha. Bwalo la ndege la asilikali, limene anthu amangolitcha Airwing, silili kutali nafe pamsewu wa ku Mchinji, kotero phokoso lake akuluakulufe tinalizolowera. Ana okha ndiwo sanalizolowerebe. Amasiya mabuku pamphasa, onse piringupiringu pakhomo, maso ali m'mwamba. Tsiku lina atabwerera m'kalasi, kamtsikana kena ka zaka 9 kanatifunsa kuti, "Amwalimu, kodi iwowo akakhala m'mwambamo amaona chiyani?" Tinakayankha mwachidule kuti amaona madenga ndi minda ya chimanga. Yankho limeneli silinatikhutiritse ngakhale ife eni ake.

Kwathu kuno helikopita timaidziwira pa zinthu ziwiri: kunyamula akuluakulu a boma, ndi kupulumutsa anthu pa ngozi monga zinachitikira mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anadula misewu ya ku Mulanje ndi Phalombe ndipo anansi athu a ku Tanzania ndi Zambia anatumiza zawo kudzathandiza. Koma maiko ena kuli anthu amene amalipira ndalama kuti angokwera, kuzungulira kwa kanthawi, kenaka n'kutera pomwe ananyamukira. Bambo wina amene ana ake amaphunzira pano, atamva za funso lija, anationetsa pa foni yake kanema wa ulendo wotere pamwamba pa Auckland, mzinda waukulu wa dziko la New Zealand, wa anthu oposa 1.5 miliyoni, umene unapanikizika pakati pa madoko awiri a nyanja yamchere.

Woyenda pansi mumzindamo amangoona timapiri tobiriwira kumene anthu amapita kukapitidwa mphepo. Kuchokera m'mwamba ndi pamene mumazindikira kuti timapiri tambiri tili ndi dzenje pamutu ngati mtondo. Dzenje la kaphiri ka Mount Eden ndi lakuya mamita 50. Amenewa ndi mapiri ophulika, ndipo mzindawo unakhala pa mapiri otere oposa 50. Pansi penipeni pa nthaka pali malo pamene miyala inasungunuka ndi kutentha n'kukhala ngati phala. Phalalo likapeza mng'alu limakwera, ndipo mpweya umene uli m'kati mwake umakankha monga m'mene nthunzi imanyamulira chivindikiro cha mphika wa nyemba. Lalikulu mwa mapiriwa, la Rangitoto, linatuluka m'nyanja zaka pafupifupi 600 zapitazo, anthu a mtundu wa Maori akuona ndi maso awo.

Musaganize kuti masewera amenewa alibe ngozi. Pa 9 Disembala 2019 chilumba cha White Island, m'dziko lomwelo, chinaphulika anthu 47 ali pomwepo, ena atabwera pa boti ena pa helikopita, ndipo 22 anamwalira.

Tsono ife sitinakwerepo helikopita, ndipo malipiro a mwalimu wa madrasa mukuwadziwa kale. Koma mapu tili nawo, ndipo kuganiza salipiritsa. Tiyeni tinyamuke pano pa Njewa tilowere kum'mawa.

Tikadutsa Area 25 ndi Kanengo, n'kupitirira mapiri a ku Dowa, chinthu choyamba chimene tingaone ndi chakuti dziko likutsetsereka. Lilongwe ili pa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene madzi a nyanja yathu ali pa mamita pafupifupi 474. Amene mumakwera minibasi za ku Salima mumazimva m'makutu potsika zitunda zija. Kuchokera m'mwamba zikanaoneka poyera kuti nyanja yagona m'ngalande yaikulu, khoma uku khoma uko. Ngalandeyi ndi mbali ya mng'alu umene unayambira ku Ethiopia n'kutsika mpaka ku Mozambique. Dziko la Africa likung'ambika pang'onopang'ono pamenepa, mamilimita ochepa pa chaka, mochedwa kuposa m'mene chikhadabo chimakulira. Pakati panatitimira, madzi n'kudzazamo. Ndi chifukwa chake nyanja yathu, yotalika makilomita oposa 560, pena ndi yakuya mamita 700. Werengani nokha: pansi pake pali mamita oposa 200 kunsi kwa madzi a ku Beira.

Tikhote tsopano tilowere kumpoto motsata gombe. Pa Nkhotakota pali akasupe a madzi otentha a Mawira, dzina lomwenso a ku Liwonde amatchula awo. Kutsogolo, m'munsi mwa mapiri a ku Rumphi, kuli a ku Chiweta, otentha moti simungapisemo dzanja. Ambiri tinasambapo kapena kuchapapo osafunsa amene amasonkhezera motowo. Ndi madzi a mvula amene amalowa m'ming'alu ija mpaka kukafika kumene miyala ili yotentha, kenaka n'kubwereranso kumtunda.

Pofika pa Karonga tikanaona chigwa cha mpunga ndi ng'ombe, ndipo kutsidya kwa nyanja mapiri a Livingstone ataima chilili kuchokera m'madzi ngati khoma la nyumba. Helikopita ya m'maganizo sifuna pasipoti, choncho tiwoloke mtsinje wa Songwe. Tikadutsa Kyela n'kukwera cha ku Tukuyu, makilomita osafika 100 kuchokera pa malire, tafika pa mapiri ophulika enieni. Pali Rungwe, lotalika pafupifupi mamita 3,000. Pali Ngozi, limene m'dzenje lake mwadzaza madzi n'kukhala nyanja ya makilomita oposa 2 m'litali. Palinso Kyejo, limene linatulutsa chiphalaphala cha moto cha m'ma 1800, dzulodzuloli tikatengera zaka za mapiri. Phulusa la mapiri amenewa ndilo linaneneperetsa nthaka ya ku Tukuyu, ndipo zina mwa nthochi zimene timagula m'misika ya ku Lilongwe zinamera pa phulusa limenelo.

M'dziko mwathu muno munali mapiri otere kalekale. Chilumba cha Chilwa, Tundulu ndi Songwe ku Phalombe, komanso Kangankunde ku Balaka, ndi zitsa za mapiri amene anazima zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Amenewo asakusowetseni tulo. Napolonso ndi nkhani ina, ya madzi ndi matope, osati moto. Ndipo inu amene munapita ku Haji, miyala yakuda ija munaiona m'mbali mwa Madina ndi chiphalaphala chouma. M'chaka cha 1256, chimene ndi 654 pa kalendala ya Hijra, moto unatuluka pansi kumeneko kwa masabata angapo ndipo unaima makilomita ochepa usanafike mumzinda.

Kuti muone m'mene umakhalira mzinda wa m'mphepete mwa nyanja umene phiri lake lili maso, yang'anani Goma ku Congo, m'mbali mwa nyanja ya Kivu, pa nthambi ya mng'alu womwewu. Asilikali athu amene anayamba kupita kumeneko kukasungitsa mtendere mu 2013 akhoza kukufotokozerani za phiri la Nyiragongo limene limayang'ana mzindawo. Pa 17 Januwale 2002 chiphalaphala chake chinadutsa pakati pa mzinda, kukwirira mbali ya bwalo la ndege, mpaka kukagwera m'nyanja, ndipo anthu zikwi mazanamazana anathawa, ambiri kulowera ku Rwanda. Pa 22 Meyi 2021 linaphulikanso. Anthu anabwerera n'kumanganso pamwamba pa miyala yomweyo, pakuti kwawo ndi komweko.

Ife gawo lathu si moto ayi. Gawo lathu ndi chivomerezi. Makoma a ngalande ija sayenda mosalala. Amagwirana kwa zaka zambiri, kenaka tsiku lina n'kupulumuka kamodzin'kamodzi, nthaka yonse n'kugwedezeka.

Usiku wa pa 10 Marichi 1989 ife tinali tisanabadwe, koma amayi athu ku Salima amaufotokoza ngati zachitika dzana. Amati kunayamba kumveka ngati lole yolemera ikubwera, mbale zinagwa pathandala, nkhuku zinabalalika m'khola, ndipo anatuluka atanyamula mwana wamkulu osakumbuka n'komwe chitenje chomuberekera. Anthu 9 anamwalira ndipo zikwizikwi anasowa pogona. Patapita zaka 20, mu Disembala 2009, Karonga inagwedezeka kwa masabata angapo. Zinayamba pa 6 Disembala, ndipo chachikulu, cha mphamvu ya 6.0, chinabwera usiku wa pa 19 kuchera pa 20. Anthu anayi anamwalira, mazana anavulala, nyumba zikwi zingapo zinagwa kapena kung'ambika, ndipo mabanja anagona m'matenti mvula ili m'kati.

Apa ndiye tifatsepo. Pa chivomerezi si kawirikawiri kuti nthaka imeze munthu. Chimene chimapha ndi khoma limene tinamanga tokha. Nyumba zambiri zimene zinawonongeka ku Karonga zinali za njerwa zomangira dothi, za makoma opyapyala, zopanda chozimanga pamodzi. Nthaka ikayamba kupita uku ndi uku, khoma lililonse limavina lokha. Ngodya zimatseguka, ndipo gebulo, amene amangoima pamwamba opanda chomugwira, ndiye amayamba kugwa. Nthawi zambiri m'munsi mwa gebulo ndi momwe timayala mphasa za ana.

Pambuyo pa Karonga boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, koma ndi angati mwa ife amene tinawaona? Mfundo zake si zovuta. Maziko akumbidwe mpaka pa nthaka yolimba, makamaka m'mphepete mwa nyanja momwe mchenga wonyowa umafewa ukagwedezeka. Njerwa zilukane bwino m'ngodya. Mazenera asakule mopyola muyeso ndipo asayandikane ndi ngodya. Koposa zonse, pamwamba pa zitseko ndi mazenera pazungulire lamba wa simenti ndi zitsulo, amene amisiri amamutcha ring beam, wosaduka paliponse. Lambayu amagwira ntchito ngati chingwe pa mtolo wa nkhuni: nkhuni zikhoza kugwedezeka koma sizibalalika. Denga limangiriridwe ku lambayo ndi waya. Chizolowezi chathu chopsinja malata ndi miyala kapena njerwa kuopa mwera chimathandiza pa mphepo, koma tsiku la chivomerezi miyalayo imatsika pa mitu ya anthu amene akutuluka pakhomo.

Tikulemba izi ndi manyazi pang'ono. Zaka zitatu zapitazo ife ndi abale athu tinasonkha ndalama kumangira amayi nyumba ku Salima. Makoma atafika pamwamba pa mazenera, mmisiri anatiuza kuti pakufunika matumba angapo a simenti, miyala ndi zitsulo za lamba. Ndalama zinali zitatsala zochepa, Idi inali pafupi, ndipo tinkafuna kuti alendo akapeze amayi m'nyumba ya malata. Tinamuuza kuti angoika timatabwa pamwamba pa zitseko ndi mazenera, apitirize. Iye anangoti, "Nyumba ndi yanu, amwalimu," n'kupitiriza. Zotsalazo tinagulira penti ndi simenti ya pakhonde, zinthu zimene wodutsa pamsewu amaziona. Lamba ndani akanamuona?

Chaka chatha titapita kukacheza, tinapeza mng'alu wochokera pa ngodya ya zenera la kuchipinda kukwera mpaka ku gebulo, woti chala n'kulowa. Kunalibe chivomerezi chilichonse chimene wina anachimva. Inali mvula chabe ndi nthaka yofewa. Amayi anali atautseka ndi nsanza kuti udzudzu usalowe, ndipo bedi lawo linali pomwepo m'munsi. Tinalisuntha tsiku lomwelo. Tsopano kuti lamba alowe, malata ayenera kusasulidwa, gebulo agwetsedwe, ntchito iyambirenso pamene tinaisiya, ndipo mtengo wake waposa umene tinauthawa. Amayi sakugwirizana nazo. Akuti nyumba yawo ndi yokongola kale ndipo ndalamazo tigulire feteleza. Malume ndi amene akutithandiza kuwanyengerera, pakuti iwo mu 1989 khoma la khitchini linawagwera pamwendo ndipo mpaka lero amatsimphina kukazizira. Tagwirizana kuti ntchito iyambe mvula ikangotha, Insha Allah.

Inu amene muli ku Joni kapena m'tauni ndipo mumatumiza ndalama zomangira kumudzi, musamangopempha chithunzi cha nyumba itapakidwa penti. Pemphani chithunzi cha tsiku limene akuthira lamba, zitsulo zikuoneka. Ndipo inu amene nyumba zinatha kale, yendani mozungulira muone ngodya ndi gebulo, kenaka muone pamene ana amagona. Nthaka ikayamba kugwedezeka muli m'kati, bisalani pansi pa tebulo kapena bedi lolimba mutaphimba mutu. Ikasiya tulukani mukaime pabwalo kutali ndi makoma ndi mawaya a magetsi, pakuti kawirikawiri chimabweranso.

Sabata yotsatira tinajambula pa bolodi ngalande ija, nyanja pakati, mapiri a Rungwe kumutu kwake, ndi kanyumba kovala lamba m'chiuno. Ana anaseka kanyumbako. Kamtsikana kaja kanakhala chete kwa kanthawi, kenaka kanakweza dzanja.

"Amwalimu, nanga nyumba ya agogo ku Nkhotakota ili naye lambayo?"

Tinakauza kuti pa tchuthi kakafunse agogowo mwaulemu, ndipo ngati sakudziwa, kakapemphe amalume ake akakwere pa mpando akayang'ane pamwamba pa zenera. Kanalemba zimenezi kuseri kwa kope lake kuti kasaiwale.