Musagule njinga ya mpikisano ngati simukupikisana

Loweruka m'mawa dzuwa lisanawawe, m'misewu yotuluka m'mizinda yathu mwayamba kuoneka apanjinga amtundu wina. Sakupita kuchigayo, sananyamule makala, alibe kasitomala pakeliyala. Ndi abambo ndi amayi amene amakhala pampando sabata yonse; ena adokotala anawauza kuti achepetse thupi chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ena angofuna kupitidwa mphepo. Akuchita bwino. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kulimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pasabata, ndipo kupalasa sikugwedeza mawondo ngati kuthamanga.

Chondidandaulitsa n'chakuti njinga zambiri zogulidwa ndi chimwemwe chotere sizimaliza chaka zili pamsewu. Mudzazipeza zitatsamira khoma kuseri kwa firiji, matayala ataphwa, tcheni itachita dzimbiri. Mukafunsa eni ake, mayankho ndi omwewo: msana, khosi, dzanzi m'manja, pokhalira pakupweteka. Amadziona ngati aulesi, chonsecho vuto si ulesi. Anagula njinga imene inapangidwira munthu wina.

Munthu winayo timamuona pa TV. Mu 2024 Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana magawo atatu a mpikisano wa Tour de France n'kutenga malaya obiriwira, ndipo mu 2025 mpikisano wa dziko lonse wa njinga zapamsewu unachitikira ku Kigali, koyamba mu Africa muno. Ndani sangasirire? Komatu njinga za akatswiriwa zimapangidwira liwiro lokha. Mahandulo amakhala pansi kwambiri kuyerekeza ndi chishalo, komanso kutali, kuti wokwerayo awerame asamalimbane ndi mphepo. Amene amawerama chotero kwa maola asanu ndi mnyamata wowonda amene kupalasa ndiyo ntchito yake, ndipo akatsika amapeza womusisita minofu akumudikira. Inu ndi ine, a zaka 40 kapena 50, kamimba kali patsogolo, tikatsika timapeza ana akufuna ndalama ya ndiwo.

Mwayi wake, makampani opanga njinga anazindikira kalekale kuti ogula ambiri sapikisana. Ku France kuli mpikisano wa Paris-Roubaix, umene unayamba mu 1896, womwe umadutsa m'tinjira ta kumudzi toyalidwa miyala yogwedeza munthu mpaka mano kugundana. Kampani ya Specialized inatenga dzina la mpikisanowo mu 2004 n'kutulutsa njinga yotchedwa Roubaix, ndipo Trek inabweretsa Domane mu 2012. Giant ili ndi Defy, Cannondale ili ndi Synapse. Gulu limeneli amalitcha endurance. Poliona patali n'chimodzimodzi ndi njinga ya mpikisano: mahandulo opindikira pansi, matayala opyapyala. Kusiyana kuli m'felemu. Kutsogolo n'kokwererapo, mtunda wochoka pachishalo kufika pamahandulo ndi waufupi, mawilo atalikirana pang'ono kuti njinga isamanjenjemere pamtsetse, ndipo pali malo olowetsa matayala okulirapo. Wopalasa pofuna kusangalala ayambire kufufuza m'gulu limeneli.

Koma dzina lokha silikwanira. Chinthu choyamba ndi saizi, ndipo apa ndi pamene ambiri timagwera. Tinakulira panjinga zakuda zija za saizi imodzi, zimene agogo, amalume ndi kamwana kolowetsa mwendo pansi pa mtanda onse ankakwera. Njinga yapamsewu siili choncho. Imabwera m'masaizi, monga 50, 52, 54, 56 mpaka 60, kapena S, M ndi L, ndipo kampani iliyonse ili ndi tchati chake. Munthu wotalika masentimita 175 kawirikawiri amagwera pa 54. Wogulitsa akakuuzani kuti "tingotsitsa chishalo, ikukwanani," dziwani kuti akufuna ichoke m'sitolo. Chishalo chimatsika, koma felemu yaitali siifupika.

Yesani motere. Imirirani njinga ili pakati pa miyendo. Pakhale kampata pakati pa inu ndi mtanda. Khalani pachishalo n'kuponda pedulo ndi chidendene itafika pansi penipeni: mwendo uwongoke popanda chiuno kupendekeka. Mukaponda ndi kutsogolo kwa phazi, bondo lidzakhala lopindika pang'ono, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Kenako gwirani pamwamba pa zogwirira mabuleki, poti ndi pamene manja adzakhale nthawi yambiri. Zigongono zikhale zopindika pang'ono, mapewa omasuka, ndipo muthe kuona kutsogolo popanda kukakamiza khosi. Ngati mukuchita kudzikoka kuti mufikire, njingayo si yanu. Musakhutire ndi kuzungulira pakhonde la sitolo. Pemphani kuipalasa kwa mphindi 20 pamsewu wokhala ndi kachitunda. Wokana zimenezi musiyireni katundu wake.

Za chishalo, maso amanamiza. Chachikulu chofewa ngati khushoni chimakoma paulendo wa kumsika, koma pakatha ola thupi limamira m'siponjimo ndipo minofu yofewa ndiyo imapanikizika, dzanzi n'kuyamba. Chishalo chabwino ndi cholimbirako, chimene m'lifupi mwake mukugwirizana ndi mafupa awiri amene timakhalira, ndipo kwa amayi ambiri chimafunika chotambalalako. Chikhale chopingasa, mphuno yake isaloze kumwamba. Masabata oyambirira pamapweteka ndithu, thupi likuzolowera. Koma dzanzi la kumalo obisika si lozolowera ayi. Likabwera, sinthani chishalo kapena kakhalidwe kake.

Pambuyo pa saizi, chimene chimafewetsa ulendo kuposa china chilichonse ndi tayala. Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira matayala a mamilimita 23, opopedwa gwa kupitirira 100 psi, poganiza kuti kuuma ndiko liwiro. Zinadzaoneka kuti pamsewu wosasalala tayala louma limangodumphadumpha n'kutaya mphamvu, pamene lokulirapo la mpweya wocheperako limameza timiyala n'kumapita. Lero ngakhale ku Tour de France matayala a 28 ndi 30 ndiwo afala, ndipo ku Paris-Roubaix amafika 32. Nanga ife, amene phula wathu ali ndi zigamba, maenje ndi m'mphepete modyeka, amene lole ikatiimbira hutala timathawira m'fumbi, tikakamiriranji 23? Funsani wogulitsa kuti felemu ikhoza kulandira tayala lalikulu bwanji. Ikalephera 32, ganizani kawiri. Ngati kwanu phula amathera panjira, onaninso njinga za gravel, zimene zimalandira matayala a 40 ndi kupitirira.

Kenako magiya. Dziko lathu ndi lamapiri. Amene anakwerapo msewu wa ku Ku Chawe kuchoka m'tauni ya Zomba, kapena chitunda cha ku Chikwawa pobwerera ku Blantyre, kapena Khwekhwerere kuchoka ku Golomoti, akudziwa kuti liwiro la pamtsetse silithandiza munthu pobwerera. Njinga zakale za mpikisano zimakhala ndi mano 53 ndi 39 kutsogolo, ndipo kumbuyo giya yaikulu imathera pa 25 kapena kucheperapo. Pachitunda chenicheni mudzatsika n'kuyamba kukankha, anyamata a kabaza akukudutsani. Funani ya mano 50 ndi 34 kutsogolo, kumbuyo kufika 32 kapena 34. Pa 34 ndi 34, mapedulo akazungulira kamodzi wilo nalo lizungulira kamodzi. Mumakwera pang'onopang'ono koma muli pachishalo, mawondo ali pamtendere. Magiya a kampani ya Shimano ali m'magulu: Claris ya magiya 8 kumbuyo, Sora ya 9, kenako Tiagra, 105, Ultegra ndi Dura-Ace. Apamwambawo ndi opepuka ndiponso okwera mtengo, koma Sora kapena Tiagra yosamalidwa bwino idzakufikitsani kulikonse kumene miyendo yanu ingafune.

Wogulitsa adzakunyamulitsani njinga ndi chala chimodzi kuti mumve kupepuka kwake. Musatengeke. Bungwe loyendetsa mipikisano la UCI sililola njinga yopepuka kuposa makilogalamu 6.8, ndipo kuyandikira pamenepo kumadya ndalama zoopsa. Werengani nokha: ngati mumalemera makilogalamu 80 ndipo njinga ndi 10, kuchotsapo kilogalamu imodzi n'kuchotsa gawo limodzi mwa magawo 90. Felemu ya aluminiyamu yokukwanani, yokhala ndi matayala abwino, iposa ya kaboni ya saizi yolakwika. Ndipo poti ambiri timagula za kaunjika zochokera kunja, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kaboni ikagundidwa imatha kung'aluka pansi pa penti osaonekera, n'kudzathyoka tsiku limodzi mosachenjeza. Yang'anitsitsani foloko ndi malo onse olumikizira. Mukaona mng'alu kapena penti yatsopano pamalo amodzi okha, ibwezeni.

Funso lina limene ogula amaiwala ndi lakuti: ikawonongeka ndidzaikonzetsa kuti? Mawilo a njinga yapamsewu ndi a 700C, limu yake ya mamilimita 622. Njinga zakuda za kabaza zili ndi limu ya mamilimita 635, ngakhale matayala a mitundu iwiri yonseyi nthawi zina amalembedwa kuti 28. Choncho tayala la pagolosale ya kumudzi silingalowe panjinga yanu. Valavu yakenso ndi ina, yopyapyala yotchedwa Presta, imene pampu ya amisiri a pansi pa mtengo siigwira popanda kachitsulo kolumikizira. Mabuleki a disiki oyendera mafuta amagwira bwino kwambiri, makamaka mvula ikagwa, koma akalowa mpweya amafuna mafuta ake enieni ndi mmisiri wodziwa. Oyendera waya, kaya a disiki kaya ogwira palimu, aliyense wodziwa njinga akhoza kuwakonza. Amene amakhala kutali ndi Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu asankhe zosavuta kukonza.

Pomaliza, musathere ndalama zonse panjinga. Siyaniko ya helemeti, ya magetsi akutsogolo ndi kumbuyo, ya kabudula wokhala ndi kansalu kofewa pokhalira, ya machubu awiri apadera, pampu yaing'ono ndi botolo la madzi. Valani zowala, chifukwa pamisewu yathu wapanjinga amene sakuoneka ali pangozi ngakhale masana.

Tsono mukalowa m'sitolo, funsani mafunso anayi motsatana: kodi ikundikwana, ilandira tayala la 32, ili ndi giya yokwerera chitunda cha kwathu, ndipo zipangizo zake zikupezeka? Mtundu wa penti, dzina la kampani ndi kulemera kwake zibwere pambuyo. Njinga ikalephera funso loyamba, isiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo ndi theka.