Tsitsikamma: gombe la alendo ndi mbedza ya mwinimudzi

Munthu wochoka mumzinda wa Gqeberha, womwe mpaka chaka cha 2021 unkatchedwa Port Elizabeth, n'kulunjika kuzambwe pa msewu wa N2, amayenda maola pafupifupi awiri asanalowe m'dera la Tsitsikamma. Kudzanja lake lamanja kumakhala mapiri otondozana, kumanzere nyanja yamchere ya Indian Ocean, ndipo pakati pa ziwirizi pali kamtunda kopapatiza ka nkhalango, minda ya paini ndi msipu wa ng'ombe. Mvula imagwa m'nyengo zonse za chaka. Mitsinje yotsika m'mapirimo inakumba zigwembe zakuya, ndipo madzi ake ndi oderako ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha utoto wochokera m'masamba ndi mizu ya zomera. Dzina la derali ndi la chinenero cha aKhoe, ndipo ambiri amalimasulira kuti malo a madzi ambiri.

Gombe lake, lotalika makilomita pafupifupi 80, boma la South Africa linaliika m'gulu la malo otetezedwa mu 1964. Mu 2009 linaphatikizidwa ndi nkhalango za Knysna komanso nyanja za Wilderness, zonse n'kukhala Garden Route National Park, yomwe amayendetsa ndi a bungwe la SANParks.

Alendo ambiri ofika kuno amabwera kudzagula mantha, ndipo amawagula ndi ndalama zambiri. Pa mlatho wa Bloukrans, womwe uli mamita 216 pamwamba pa mtsinje, munthu amamangidwa chingwe chotamuka m'miyendo n'kudziponya kuphompho mutu uli pansi. Ena amayenda pa zingwe zomangidwa kuchoka pamtengo wina waukulu kufika pa unzake. Pamathiriro a mtsinje wa Storms pali mlatho wolendewera womwe umagwedezeka munthu akamaponda, ndipo pansi pake achinyamata amapalasa timabwato ta pulasitiki kulowa m'chigwembe chamdima.

Koma ulendo wolemekezeka kuposa yonse ndi wa pansi, wotchedwa Otter Trail. Njirayi inatsegulidwa mu 1968, imayambira pamathiriro a Storms n'kukathera ku Nature's Valley, ndipo imatenga masiku asanu ngakhale kuti mtunda wake sufika makilomita 50. Chimachedwetsa ndi kukwera ndi kutsika kosalekeza, chifukwa njirayi imatsikira kugombe n'kukweranso pathanthwe kambirimbiri. Anthu 12 okha ndiwo amaloledwa kuyamba ulendowu patsiku, motero ofuna malo amalembetsa kudakali miyezi yambiri. Aliyense amasenza chakudya chake ndi chogonera, ndipo usiku amagona m'tinyumba ta matabwa. Tsiku lachinayi ndilo la mayeso. Oyendawo amayenera kuwoloka mtsinje wa Bloukrans pomwe ukuthira m'nyanja, ndipo izi zimatheka bwino pokhapokha madzi a m'nyanja ataphwa. Nyanja yamchere imakwera ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo nthawi yake imasuntha tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake ena amadzuka kusanache n'kuyenda ndi tochi kuti akafike pamtsinjewo pa ola loyenera. Wochedwa amasambira chikwama chili m'thumba la pulasitiki, kapena amadzichepetsa n'kudzera njira yopulumukira yokwera phiri.

Njirayi inatenga dzina la katumbu, koma katumbuyo ndi wamanyazi, ndipo ambiri amangoona mapazi ake pamchenga. Zosavuta kuona ndi mbira zowothera dzuwa pamiyala, mbawala za m'mphepete mwa nkhalango, apusi ndi anyani. Kuyambira June mpaka November anangumi amafika pafupi ndi gombe kudzaswana. Za anyani, mlimi aliyense akudziwa kale zimene mlendo wa m'tauni sadziwa. Nyani wopatsidwa nthochi lero mawa amatsegula yekha chitseko cha galimoto, ndipo akafika poopseza anthu, mathero ake nthawi zambiri amakhala chipolopolo. Zikwangwani zoletsa kudyetsa nyama zilipo paliponse, koma dzanja la mlendo wofuna chithunzi silimva msanga.

M'nkhalango za Knysna, chakuzambwe pang'ono, munkakhala njovu mazanamazana m'zaka za m'ma 1800. Alenje ndi kudulidwa kwa mitengo zinazitha. Mu 1994 akuluakulu anabweretsa njovu zitatu zazing'ono kuchokera ku Kruger, koma sizinakhazikike. Kafukufuku wa SANParks wofalitsidwa mu 2019, yemwe anagwiritsa ntchito makamera obisika m'nkhalango, anapeza njovu imodzi yokha, yaikazi, ya zaka zoposa 40.

Zonsezi zimapereka ntchito kwa achinyamata a m'midzi ya Storms River, Coldstream, Thornham ndi ina. Ena amalondolera alendo, ena amamanga zingwe, ena amaphika ndi kuyala mabedi. Ntchito zake ndi zenizeni, koma zimachuluka mu December, January ndi pa Pasaka, n'kuchepa m'nyengo yozizira. Akale anati mlendo ndi mame, ndipo mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseka malire ndi zipata za mapaki, mabanja ambiri a m'derali anaona mamewo akukamuka tsiku limodzi.

Kwa mlangizi ndi mlimi, nkhani ya Tsitsikamma imayamba kukoma pamene mlendoyo wakhala patebulo. Mkaka wa m'kapu yake yam'mawa ndi wa komweko, pakuti derali ndi limodzi mwa madera otchuka ndi ng'ombe zamkaka m'dziko la South Africa. Ena mwa malo odyetsera ng'ombezo ali ndi mbiri yowawa. Mu 1977 boma la tsankho linasamutsa mokakamiza mabanja a amaMfengu omwe anakhala pamalopo kwa zaka zoposa 100, n'kukawataya kudera la Keiskammahoek ku Ciskei. Minda yawo inagulitsidwa kwa alimi achizungu. Atalimbana kwa zaka zambiri, mu 1994 anabwezeredwa gawo lalikulu la malowo. Lero pa malo a Wittekleibosch pali ng'ombe zamkaka, komanso makina opanga magetsi ndi mphepo omwe anayamba kugwira ntchito mu 2016. Maapulo ndi mapeyala amachokera kuseri kwa mapiri, m'chigwa cha Langkloof. Palinso tiyi wa honeybush, wopangidwa kuchokera ku chitsamba chomera m'mapiri a kumwera kwa dzikolo mokha. Wambiri amadulidwa kutchire, ndipo chitsamba chodulidwa mobwerezabwereza chisanaphukenso ndi kubala njere chimafa. Alimi ang'onoang'ono a ku Haarlem ndi Ericaville anayamba kuchidzala m'minda, njira yochedwa kubweretsa ndalama koma yosapha gwero la malondawo.

Chakudya chamadzulo ndicho chili ndi chinsinsi. Mlendo amaitanitsa nsomba akuyang'ana mafunde pawindo, ndipo amaganiza kuti yavuulidwa pompo. Nthawi zambiri sizili choncho. Tauni ya Knysna imatchuka ndi nkhono za m'nyanja zotchedwa oyster, ndipo chikondwerero chake chinayamba mu 1983, koma nkhono zoweta zambiri zodyedwa kumeneko masiku ano zimachokera kutali, ku Saldanha Bay ndi Algoa Bay. Chokka, kanyama kofewa ka miyendo yambiri komwe asodzi a ku St Francis Bay amagwira usiku ndi nyali, wambiri amatumizidwa kumisika ya ku Ulaya. Ndipo nsomba za m'miyala ya Tsitsikamma penipenipo sizifika m'mbale ya mlendo, chifukwa lamulo sililola kuzigulitsa.

Lamuloli lili ndi mbiri yaitali. Anthu a m'midzi ya derali, ambiri mwa iwo zidzukulu za anthu odula ndi ocheka matabwa, ankatsikira kugombe ndi ndodo ndi mbedza kukafuna ndiwo kuyambira kale paki isanabwere. Makolo awo anadziwapo kale kutsekeredwa, pakuti mu 1939 boma linathetsa ufulu wa odula mitengo m'nkhalango zachilengedwe. Paki itakhazikitsidwa, malo owedza anayamba kuchepetsedwa pang'onopang'ono, ndipo pofika chaka cha 2000 kuwedza kunaletsedwa m'gombe lonse lotetezedwa. Mwinimudzi wopezeka ndi mbedza anasanduka wakuba pamwala womwe agogo ake anaupatsa dzina. Chimene chinkapweteka kwambiri n'chakuti zigamulo zoyambirira zinapangidwa m'nthawi ya tsankho, popanda wofunsa anthu akuda ndi amakaladi okhala pamenepo, pamene mlendo wolipira pachipata ankaloledwa kusambira ndi kujambula zithunzi pagombe lomwelo.

Akatswiri a za nsomba nawonso ali ndi mfundo zomwe munthu woona mtima sangazinyoze. Nsomba zambiri za m'miyalayi sizisamuka. Zimakhala pamalo amodzi moyo wawo wonse, zimakula mochedwa ndipo zimachedwa kuswana. Yotchedwa poenskop imatha kukhala zaka zoposa 40. Ina yofiira, yotchedwa roman, imabadwa yaikazi n'kusanduka yaimuna ikakula, motero msodzi wosankha zikuluzikulu amatha amuna osadziwa. Asodzi ochepa chabe obwerera pamwala umodzi angathe kuupulula m'zaka zowerengeka, ndipo kuti udzazenso pamafunika zaka makumi. Kuwonjezera apo, mazira ndi tiana ta nsomba za m'malo otetezedwa timatengedwa ndi madzi kupita kumagombe ena komwe anthu amawedza momasuka. Wosunga mbewu m'nkhokwe angamvetse mfundoyi mosavuta: gombe lotsekedwalo ndilo nkhokwe ya mbewu ya magombe oyandikana nalo.

Mbali ziwirizi zinakokana kwa zaka zambiri. Mu 2007 gulu la asodzi a m'midzi linalowa m'paki masana poyera n'kuwedza pofuna kuonetsa mkwiyo wawo. Mu December 2015 boma linayesa kutsegula malo ena mongoyeserera, koma gulu lina la okonda zachilengedwe linakadandaula kukhoti, ndipo ntchitoyo inaimitsidwa patangopita milungu yochepa. Patatha chaka, mu December 2016, nduna ya zachilengedwe ya panthawiyo, Edna Molewa, inalengeza malamulo atsopano. Gawo limodzi mwa magawo asanu a gombelo linatsegulidwa, m'zigawo zitatu, kwa anthu a m'midzi yozungulira okha. Wofuna kuwedza ayenera kulembetsa ndi kukhala ndi chiphaso, awedze ndi mbedza ali pamtunda, asapitirire chiwerengero cha nsomba choikidwa patsiku, ndipo asagulitse. Magawo anayi otsalawo ndi otsekedwabe.

Palibe mbali yomwe inakhutira. Akatswiri ambiri anati ndale zapambana sayansi, ndipo anachenjeza kuti alonda ndi ochepa moti sangathe kuwerenga nsomba za munthu aliyense pagombe la matanthwe ngati limeneli. Asodzi ena anadandaula kuti malo omwe anapatsidwa ndi ovuta kufikako, makamaka kwa okalamba ndi amayi, ndipo miyala ina yomwe makolo awo ankawedzapo inatsala mkati mwa chiletso. Madandaulo onse awiri ndi omveka. Komabe cholakwa chachikulu chinachitika kale kwambiri, pamene malire analembedwa pamapu m'maofesi akutali. Anthu odziwa mwala uliwonse ndi nyengo ya nsomba iliyonse akanatha kukhala alonda oyamba a gombelo, koma anaphunzitsidwa kwa zaka zambiri kuthawa akaona yunifolomu. Chikhulupiriro chotayika motero sichibwerera chifukwa cha chiphaso chimodzi, ndipo mlangizi aliyense amene anayesapo kukhazikitsa komiti yoyang'anira nkhalango m'mudzi womwe unalandidwapo malo akudziwa kutalika kwa ntchito imeneyo.

Mlendo wofuna kudya mosamala ali ndi pomwe angayambire. Bungwe la WWF ku South Africa lili ndi ndondomeko yotchedwa SASSI, yomwe imagawa nsomba m'magulu atatu: zobiriwira zomwe munthu angagule mosadandaula, zachikasu chofiirira zofunika kuganiza kawiri, ndi zofiira zomwe zatsala pang'ono kutha kapena n'zoletsedwa kugulitsa. Galjoen, yomwe ndi nsomba ya fuko la South Africa, ili m'gulu lofiira. Msodzi wa chiphaso angaigwire pa nyengo yake n'kukadya ndi ana kunyumba, koma malo odyera opezeka nayo pamndandanda wa zakudya amakhala ataphwanya lamulo.