Nkhani ya nyengo imafika ku Thyolo pokhapokha anthu akafa

Sabata yatha m'gulu lathu la WhatsApp la achinyamata apa boma, wina anaponya nkhani ya m'nyuzipepala yonena kuti akuluakulu akumana ku hotela ina ku Blantyre kukambirana za kusintha kwa nyengo. Chingerezi chake chokhuthala, chithunzi cha anthu a masuti atafola ngati kwaya. Palibe anayankha. Patangopita mphindi zochepa wina anaponya kanema wa mpira, gulu lonse n'kudzuka. Sindikuwanena anzangawo ayi. Nanenso ndinangowerenga ndime ziwiri n'kutseka, paja bandulo ikuluma.

Madzulo omwewo ndinakacheza kwa azakhali anga amene athyola tiyi pa esiteti ina kuno kwa zaka zoposa 20. Kwa ola lathunthu ankangokamba za nyengo, koma mawu oti "kusintha kwa nyengo" sanawatchule ngakhale kamodzi. Amadandaula kuti chiperoni, kamvula kamawawa kaja kamene kamanyowetsa tiyi m'miyezi yozizira, masiku ano kamangosuzumira n'kuthawa. Amati dzuwa la Okutobala likuwotcha nsonga za masamba, ndipo mvula ikachedwa kampani nayo imachedwa kulemba aganyu, ndiye mwana wawo wamkulu amangokhala pakhomo mpaka Khirisimasi. Imeneyo ndiye nkhani ya kusintha kwa nyengo ku Thyolo. Eni ake akuidziwa, akuikamba tsiku ndi tsiku. Amene sitikuifikira ndife olemba nkhani.

Vuto limayambira pa mawu enieniwo. M'Chichewa "nyengo" ndi dzinja, ndi chilimwe, ndi mmene kunja kwachera lero, ndiponso ndi mmene dera limakhalira kwa zaka 30 kapena 50. Ndiye ukamuuza gogo wa ku Masambanjati kuti nyengo ikusintha, akuyang'ana modabwa: nanga inayamba yaima liti? Wowulutsa pa wailesi amangotembenuza mawu a Chingerezi n'kupitiriza, osaima kaye kufotokoza kuti tikunena za dziko lonse lapansi limene likutentha chifukwa cha utsi wa malasha, mafuta ndi gasi, umene wochuluka wake watuluka ku maiko olemera. Kuti mpweya ukatentha umanyamula chinyezi chambiri, ndiye mvula ikati igwe imakhuthuka pakamodzi, ikati idule nthaka imauma msanga. Ziganizo ziwiri basi, koma ndi kangati mwazimva pa wailesi m'chinenero chathu?

Tsono taonani mmene tiyi amagwirira ntchito, chifukwa apa ndi pamene pali ndalama ya munthu. Minda yambiri ya tiyi kuno imadalira mvula. Masamba ochuluka a chaka chonse amathyoledwa m'dzinja, kuyambira cha m'Disembala mpaka Epulo kapena Meyi, ndipo n'chifukwa chake nthawi imeneyo maesiteti a ku Thyolo ndi ku Mulanje amalemba anthu pafupifupi 50,000, ambiri mwa iwo aganyu a nyengo imodzi. Kukatentha kwambiri ndipo mpweya ukauma, chitsamba cha tiyi chimaleka kuphukira. Wothyola amafuna timasamba tiwiri ndi kansonga. Tikachepa, dengu limachedwa kudzaza, pa sikelo makilo amatsika, bonasi palibe. Mlimi wamng'ono, monga a m'bungwe la Msuwadzi amene amagulitsa masamba awo ku Satemwa, alibe damu ngati esiteti kuti athirire. Ndipo makilo akatsika si wothyola yekha amalira. Wa kabaza ku Makwasa, mayi wa mandasi pa geti ya fakitale, wa airtel money, onsewo amadya ndalama ya tiyi. Mtolankhani atayamba nkhani yake ndi sikelo ya kapitawo m'malo mwa mawu a mlendo wolemekezeka, ndikukutsimikizirani, gulu lathu la WhatsApp lija likanayankha.

M'malo mwake makamera amabwera kukakhala maliro. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atakhuthula mvula masiku angapo osalekeza, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti m'chigawo chakumwera mwagwa tsoka, ndipo Thyolo inali m'gulu la maboma otchulidwa. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Atolankhani anagwira ntchito yamphamvu masiku amenewo, tiwapatse ulemu wawo: ena anayenda m'matope mpaka m'mawondo ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, mawailesi ngati Zodiak ndi MBC ankaulutsa usiku ndi usana. Koma zithunzi za matope zitatha, nkhani inathera pomwepo. Ndi angati anabwerera kudzafunsa kuti anthu amene anachoka m'misasa anakamanga pati, kaya pa mtsetse womwewo? Chaka chotsatira, mu Malichi 2024, boma linalengezanso tsoka m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo zinamveka ngati nkhani ina yachilendo yosagwirizana ndi yoyamba ija. Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, ng'amba mu 2024: womvera wailesi amangoona ngati mikwingwirima yongogwa payokhapayokha, chifukwa palibe womulumikizira.

Palinso mbali ina imene imandinyansa kwambiri. Mawu oti "kusintha kwa nyengo" asanduka bulangete lofundira aliyense amene walephera ntchito. Mlatho womangidwa mwachinyengo ukakokoloka, nyengo. Ngalande zosakumbidwa, nyengo. Phiri la Thyolo, limene kale linali nkhalango yowirira mpaka mbalame ina yosowa inapatsidwa dzina la Thyolo alethe, lero mbali yaikulu ndi minda ya chimanga, ndipo si utsi wa ku China unadula mitengoyo. Tinadula ndife. Koma ukangonena kuti anthu akumudzi ndi owononga chilengedwe n'kusiyira pomwepo, wanamanso. Funsa kuti n'chifukwa chiyani munthu akukalima pa phiri. Malo abwino athyathyathya ali m'manja mwa maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda, anthu achuluka, ndipo mkangano wa malo umene Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation anaukweza cha m'ma 2016 sunathe chifukwa choti unachoka pa tsamba loyamba. Mvula yamphamvu ikugwera pa phiri lometedwa, pansi pake pali nyumba za anthu osowa kwina kopita. Makolo ankati napolo wadutsa. Ife ophunzira timati nyengo yasintha. Tonse tikuthawa kutchula amene ali ndi udindo.

Kulekanitsa zimenezi n'kotheka, ndipo asayansi eni ake amasamala pakamwa kuposa ife. Gulu la World Weather Attribution litafufuza mvula ya Ana ndi anamondwe ena a kumayambiriro kwa 2022, linapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mphamvu ya mvulayo, koma linalephera kunena kuti ndi mlingo wanji chifukwa kuno kulibe zolembera za mvula zokwanira za zaka zambiri. Apa mpamene ine ndimaseka mopweteka. Maesiteti a tiyi amayeza mvula tsiku lililonse, ena kwa zaka zambirimbiri, chifukwa bizinesi yawo imadalira zimenezo. Ku Mimosa ku Mulanje kuli Tea Research Foundation of Central Africa, kumene amapanga mitundu ya tiyi yopirira ku ng'amba, ndipo anagwirapo ntchito ndi a University of Leeds pa kafukufuku amene anasonyeza kuti masiku otentha mopweteka tiyi adzachuluka pofika m'ma 2050. Ku Bvumbwe pompa pali malo a kafukufuku wa zaulimi. Zonsezi n'zofikirika pa minibasi imodzi. Manambala alipo, mamenejala akuwagwiritsa ntchito posankha mbewu yoti abzale ndi damu loti akumbe. Wothyola tiyi yekha ndiye sauzidwa kuti ntchito ya ana ake idzaoneka bwanji.

N'chimodzimodzi ndi ulosi wa mvula. Chaka chilichonse dzinja lisanayambe a Dipatimenti ya Zakusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo amatulutsa ulosi wa dzinja lonse, ndipo machenjezo awo a tsiku ndi tsiku amawaika ngakhale pa Facebook m'Chichewa. Asanafike Freddy anachenjeza. Koma ulosi wa dzinja uja ukafika m'nyuzipepala umangokhala woti mvula ikhala yapakatikati kapena yochulukirapo. Yapakatikati kwa ndani? Mlimi akufuna kudziwa kuti iyamba liti, idula masiku angati mu Januwale, feteleza athire sabata iti. Ndipo chenjezo loti anthu asamukire kumalo okwera limathandiza a ku Nsanje ndi ku Chikwawa; kwa munthu wa m'mphepete mwa phiri ku Thekerani, kumtunda n'kumene kukuchokera imfa. Chenjezo limodzi silingakwane dziko lonse, ndipo woti alimasulire dera ndi dera ndi mtolankhani wa m'deralo, kaya wa wailesi ya m'madera ngati Mzati ya ku Mulanje, kaya ife a mafoni.

Chilungamo chake, ndikudziwa chifukwa chake zinthu zili chonchi, poti nanenso ndadyapo. Chiyimireni sukulu ku yunivesite fizi itavuta, ndimakhalira kulemba, ndipo bungwe likakuitana ku msonkhano wa zanyengo limakupatsa thiransipoti, nkhomaliro ndi alawansi. Ukabwerako umalemba zimene ananena mlendo wolemekezeka, basi wamaliza. Kukwera njinga kupita kumidzi ya antchito, palibe akubwezera ndalama yako. Ukafikanso, pa geti mlonda akufuna kalata, ogwira ntchito akuopa kuti dzina lawo likatuluka dzinja likubwerali sadzalembedwanso. Nkhani yotsika mtengo ndi ya ku hotela, yodula ndi ya kumunda. Akonzi ku Blantyre akudziwa zimenezi, mabungwe opereka ndalama nawonso akudziwa, koma bajeti imapitabe ku holo ndi mabotolo a madzi.

Lolemba ndinapita ku ofesi ya esiteti ina kukapempha kuti andionetse buku la mvula, ngakhale la zaka 20 zokha, kuti ndiyerekeze ndi zimene azakhali amanena za chiperoni. Mwina akulondola, mwina ndi mtima wa munthu wamkulu umene umakometsa zakale; bukulo ndi limene lingatiuze. Kalaliki anandiyang'ana ngati ndapempha makiyi a sefa, kenako anati ndilembe kalata kwa bwana. Ndalemba. Ngati kwanu kuli wina amene amayeza mvula pa esiteti, pa sukulu kapena pa mishoni, ndipezeni mu inbox, njinga ndilipira ndekha.